Jekete Limene Ndinapereka kwa Gaye

Ndaona kuti n'koyenera kulongosola mwatsatanetsatane zimene zinachitika m'mwezi wa Novembala wa chaka chimene banja langa linanditsatira kuno ku Mangalande. Chifukwa chake n'chakuti alamu anga akhala akuifotokoza nkhaniyi m'maphwando a Amalawi, kuyambira ku Coventry mpaka ku Stoke, ndipo nthawi zonse amaipotoza kuti anthu aseke. Mwini wake sindinafunsidwepo.

Poyamba ndidzifotokoze. Sukulu sindinapite nayo patali. Kwathu ndinali mesenjala pa ofesi ina ya boma, ndipo kulemba ndinaphunzirira pa makalata amene ndinkanyamula kuchoka nawo pa tebulo ili kupita nawo pa tebulo ilo. Pakali pano ndimakhala ku Tipton, m'nyumba ya lendi yoyang'anana ndi ngalande ya madzi akuda imene kale munkayenda mabwato a malasha, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, imene anzathu amangoti keya. Akazi anga ndi mwana wathu wamkazi anafika mwanayo asanakwanitse zaka khumi. Chingerezi chinamulowa msanga, moti ukamufunsa m'Chichewa ankayankha m'Chingerezi. Koma ngakhale chilankhulo anachigwira, anzake analibe. Akaweruka kusukulu ankangokhala pawindo kuyang'ana ana a eni dziko akupalasa njinga m'mbali mwa ngalande. Kaamba ka ichi tinamulembetsa ku kagulu ka ana kamene kamakumana Loweruka lililonse ku holo ya m'dera lathu, ndipo kumeneko anayamba kutchulako mayina a ana ena.

Loweruka lina chakumapeto kwa Okutobala anabwera kuchokera kuholoko akupuma wefuwefu, n'kuuza mayi ake kuti:

"Mum, I need old clothes. It's for the guy."

Apa m'pofunika kufotokoza, chifukwa vuto lonse linabadwira pa liwu limodzili. Liwu lakuti gaye tonse timalidziwa. Anyamata kwathu amaitanana kuti magaye, ndipo kuntchito kwanga bwana wathu amatiitana ndi liwu lomwelo, amuna ndi akazi omwe. Choncho kwa ine ndi akazi anga, gaye ndi munthu. Tinamva kuti pali munthu wina wamwamuna amene akusowa zovala.

"Gaye wake uti?" anafunsa mayi ake.

Mwana anayankha m'Chingerezi chakecho kuti ndi wa kuholo, amangokhala pampando pakona, ndipo alibe chovala ngakhale chimodzi.

"M'kuzizira muno? Ndiye amafunda chiyani?"

Anati ali ndi saka basi.

"Nanga abale ake ali kuti?" ndinafunsa ine.

Mwana anaphulika ndi kuseka, ndipo anayamba kunena zina, koma ndinamudula. Ndinamuuza kuti umphawi wa munthu si choseketsa, ndipo kuti m'nyumba mwanga simudzasekedwa munthu wovala saka. 

Ndinali ndi jekete lofiirira. Ndinaligula pa kaunjika mumsika wa ku Ntcheu, telala n'kulichepetsa m'mapewa. Ndinalivala pa chinkhoswe changa, ndinkalivala ku ofesi pa masiku a alendo, ndipo ndi lomwelo ndinakwera nalo ndege. Kuno linalibe ntchito, popeza mphepo ya kuno imadutsa nsalu yotero ngati palibepo kanthu, ndiye linkangokhala kuseri kwa chitseko. Palibe amene anandikakamiza kulipereka. Ndinalitsitsa ndekha. Ndinalingalira kuti moyo wanga wonse ndavala zotsala za azungu zobwera m'mabelo, ndipo tsopano Mulungu walola kuti mzungu wosauka avale chochokera m'manja mwanga. Ndinaona kuti ndi ulemu waukulu. Akazi anga analichapa, analisita, ndipo ine ndinaonjezerapo tayi wanga wamizeremizere, poganiza kuti mwina munthuyo angafune kukafunsira ntchito.

M'masabata amenewo makombola anali atayamba kale kuphulika. Kwathu makombola timawadziwa pa Khirisimasi ndi pa chaka chatsopano, ndipo amakhala timabomba ta ana tongoti phwaa n'kutha. A kuno ndi ena. Amagwedeza mawindo. Dzuwa likangolowa, ndipo nyengo imeneyo limalowa anthu asanaweruke n'komwe, anyamata amayamba kuwaphulitsa m'misewu ndi kuseri kwa mashopu. Kuntchito kwanga kunali gogo wina wamkazi amene mutu unasokonekera. Akamva kuphulika ankagwira dzanja langa n'kumafunsa ngati ana alowa kale m'nyumba, ndipo nthawi zina ankadzionongera zovala ndi mantha. Wochapa ndinali ine. Chotero pamene tsiku la chikondwerero chenicheni cha makombolawo linkafika, pa 5 Novembala, ndinali nditaipidwa nacho kale.

Alamu anga, mlongo wawo wamng'ono wa akazi anga, anabwera pa galimoto kuchokera ku Coventry kudzatitenga. Iwowa anabwera kuno kalekale kudzaphunzira, ali ndi madigiri, ndipo amagwira ntchito yopima magazi pa chipatala chachikulu cha ku Walsgrave. Ndi munthu wabwino mtima koma pakamwa pawo palibe chitseko.

"Alamu, mwavala majuzi angati? Mukuoneka ngati thumba la fetereza," anatero atangondiona.

"Ndavala mogwirizana ndi nyengo."

"Chabwino. Koma zikayamba kulira musagone pansi ayi, si nkhondo. Ndilibe mphamvu zokudzutsani."

Mwana anali atatsogola masana kupita kuholo. Anatiuza kuti wasankhidwa kuchita ntchito inayake yapadera ndipo tikaionera komweko. Chibwerereni kuno ndinali ndisanamuonepo akusangalala chotero.

Mwambowo unachitikira pa bwalo la mpira kuseri kwa holo. Mvula inali itagwa masana, ndipo anthu anali atapondaponda udzu mpaka kusanduka matope onga a m'khola la ng'ombe. Munali fungo la mowa, la anyezi wopserera, la mafuta a jenereta ndi la zimbudzi zapulasitiki zimene anaziimika m'mbali mwa mpanda. Anthu akuluakulu, ena a imvi, ankadya ataimirira, msuzi ukuyenderera m'magolovesi. Ana ankanyambita maapozi omatidwa shuga wofiira wolimba ngati galasi, mamina akutsikira pomwepo. Alamu anandigulira chakudya chimene anati n'cha makolo a dera lino pa tsikuli: phala lotuwa la mbewu zosakonola lophikidwa pamodzi ndi nyama mpaka zonse kusungunuka. Maonekedwe ake anandikumbutsa zinthu zimene ndimapukuta kuntchito, ndipo ndinalephera kulimeza. Ndinaligwirizira chabe kuti lizinditenthetsa m'manja.

Pakati pa bwalo, mkati mwa chingwe chotchinga anthu, panali mulu wautali kuposa nyumba: matabwa onyamulira katundu, zitseko zakale, mipando yothyoka, ndi kabati imodzi imene m'kuona kwanga inali yabwinobwino.

"Kodi chikondwererochi n'cha chiyani kwenikweni?" ndinawafunsa alamu.

Anandifotokozera kuti kalekale munthu wina anakonza zophulitsa nyumba ya malamulo ndi migolo ya onga, mfumu ili momwemo. Anamugwira asanayatse, anamuweruza, n'kumupha. Ndiye chaka ndi chaka anthu amakoleza moto n'kumuotchanso.

"Mwati anamupha kale?"

"Kalekale, alamu. Agogo a agogo athu asanabadwe."

"Ndiye akumufunanso chiyani? Kwathu mlandu ukaweruzidwa watha."

"Ndi chikhalidwe chawo. Ifenso tili ndi zathu zimene iwo angadabwe nazo."

"Amuotcha bwanji munthu woti anaola?"

"Dikirani muona," anatero akumwetulira. Pa nthawiyo iwonso sankadziwa za jekete.

Posakhalitsa ng'oma inalira chakuholo, anthu n'kupatuka kusiya njira. Kunatulukira mzere wa ana atanyamula timitengo tothetheka moto, ndipo patsogolo pawo panali wilibala. Chogwirira chimodzi anagwira mtsikana wachizungu wa tsitsi lofiira. Chinacho anagwira mwana wanga. Ankayenda mutu uli m'mwamba, akutifunafuna ndi maso m'chigulumo, ndipo atationa anatikwezera chibwano posonyeza kuti tione.

Mu wilibalamo munakhala chidole chachikulu ngati munthu wamkulu. Mutu wake unali pilo wojambulidwa maso ndi ndevu, chipewa chake cha katoni yakuda. Thalauza sindikudziwa kuti linachokera kwa yani. Koma kumtunda chinavala jekete lofiirira, lositidwa bwino, mabatani onse atamangidwa, ndi tayi wamizeremizere pakhosi.

Akazi anga anandigwira mkono.

"Abambo, si jekete lanu lija?"

Alamu anayang'ana chidole, anayang'ana ine, anayang'ana alongo awo. "Mwati chiyani, achemwali?"

"Mwana anati n'za gaye wa kuholo. Wosauka uja."

Alamu anapindika pakati. Anaseka mpaka kugwira mawondo, misozi ikutuluka. "Gaye wake ndi ameneyutu. Chidolecho dzina lake ndi lomwelo. Alamu, mwaveka munthu wokaphedwa. Ndi tayi yemwe, kuti akafike kumwamba ali bwana."

Ine sindinaseke, ndipo ndikufuna zifukwa zanga zilembedwe bwino, popeza alamu akamafotokoza amazidumpha.

Chovala si nsalu chabe. Chimamwa thukuta la mwini wake, chimatenga fungo lake ndi mapindikidwe a thupi lake. Kumene ndinakulira, chovala cha munthu wamoyo sichitenthedwa. Chikang'ambika chimasanduka chigamba, nkhata, kapena chokolopera, mpaka chithe chokha. Zimene ndinaonapo zikutenthedwa ndi mphasa ndi nsanza zimene munthu wafera, maliro atatha. Mkazi akatentha malaya a mwamuna wake ali moyo, nkhaniyo imafika kwa ankhoswe, chifukwa aliyense amadziwa chimene akumufunira. Ndine Mkhristu, ndipo za ufiti sindilimbana nazo. Koma kuimirira n'kumaonerera chinthu cha msinkhu wanga, chovala jekete la chinkhoswe changa, chikuponyedwa pamoto anthu akuombera m'manja, chimenecho mtima wanga unakana.

Panalinso china. Ndili mnyamata ndinaona munthu akuotchedwa pa depoti ya basi. Ankati waba chikwama. Anamukoleka tayala m'khosi, wina anabweretsa petulo wa m'botolo, ndipo ine ndinali pafupi moti kutentha kunandifika kumaso. Chimene sindiiwala si kulira kwake, koma anthu: amayi ogulitsa nthochi anakwera pa mabenchi kuti aone bwino, ndipo bambo wina ananyamula mwana wake paphewa. Pa bwalo la ku Tipton, wilibala ikuyandikira mulu uja, ndinaona abambo akunyamula ana awo pamapewa chimodzimodzi, ndipo khamu linayamba kufuula m'Chingerezi kuti muotcheni, muotcheni. 

"Ndikukatenga jekete langa," ndinatero.

"Abambo, taimani," anatero akazi anga. Nawonso nkhope inali itagwa, chifukwa anakulira m'mudzi ngati ine. "Zoipa n'zoipa ndithu, koma taonani mwanayo. Mumuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Tikafika kunyumba tikapemphera, zikatha."

"Alamu, ndi nsalu imeneyo," anatero alamu, kuseka kutachepa. "Mawa ndikupititsani m'tauni mukasankhe lina, la ubweya weniweni. Musiyeni mwana amalize ntchito yake."

Ndinamva zonsezo, ndipo sindinganame kuti sindinadziwe chimene ndikuika pachiswe. Mwanayo ndinamuona. Ndinaona mmene mtsikana wa tsitsi lofiira ankamunong'oneza zinthu, awiriwo n'kumaseka. Ndinaika mbale ya phala ija pansi, ndinawerama, n'kudutsa pansi pa chingwe.

Woyang'anira moto anali bambo wonenepa wovala chovala chachikasu chonyezimira. Ndinamupeza akukonzeka kunyamula chidole. Ndinavula chipewa, ndipo m'Chingerezi chimene ndinaphunzira m'makalata ndinati: "Bwana, ndikupempha mwaulemu kuti mundibwezere katundu wanga, amene anaperekedwa kuno molakwika."

Anandiyankha m'Chingerezi cha dera lino, chimene mpaka lero chimandivuta, chomveka ngati munthu akulankhula ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ndinabwereza pempho langa, ndikuloza jekete. Atamvetsa sanakwiye ayi. Anaseka, anandimenya paphewa, ndipo pofuna kufotokozera anthu chifukwa chimene moto ukuchedwera, anakweza chimkuzamawu n'kulengeza kuti bambo awa akufuna jekete lawo. Bwalo lonse linaseka. Ena anakuwa monyoza, ena anaimba mluzu, ndipo ndinaona mafoni ambiri atakwezedwa.

"Dad," anatero mwana wanga motsitsa mawu. "Dad, please. What are you doing?"

"Ndikutenga chovala changa. Sunandiuze kuti n'chokaotcha."

Anayankha kuti anayesa kundiuza koma ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti tikakambirana kunyumba.

Ndinkaganiza kuti ndingomasula mabatani n'kuvula. Sizinali choncho. Anawo anali atalisokerera jekete ku saka ndi ulusi wokhuthala, m'khosi ndi m'chiuno, ntchito ya Loweruka lathunthu. Bambo wachikasu uja anatulutsa kampeni n'kuyamba kudula, ine ndikukoka. Apo m'pamene ndinazindikira kuti chidolecho chinalibe manja akeake: manja ake anali mikono ya jekete langa, yopakiridwa manyuzipepala. Jekete litachoka, manyuzipepala anakhuthukira m'matope, chifuwa chinaphwa, mutu unagwera chammbali, chipewa n'kugubuduka. Mu wilibala munatsala saka lopanda manja ndi thalauza la eni ake. Mtsikana wa tsitsi lofiira anayang'ana mwana wanga n'kufunsa mokweza ngati ameneyu ndi bambo ake.  Mwana wanga anasiya chogwirira, wilibala inapendekeka, ndipo anadutsa pansi pa chingwe osayang'ana m'mbuyo.

Chotsalacho anachiponya pamulu chomwecho, n'kuyatsa. Moto unakwera msanga chifukwa anali atathira mafuta, ndipo utsi wa penti ndi siponji ya m'mipando unatiphimba, wakuda, wokanda pakhosi. Anthu anakuwa mokondwa pamene pilo uja anagwira moto. Kenako makombola anayamba. Sindikana kuti ena anali okongola. Panali limodzi limene linatambasuka ngati mtengo waukulu wagolide, nthambi zake n'kumatsika pang'onopang'ono. Koma lililonse linkasiya fungo la mazira oola, ndipo timapepala topserera tinkatigwera m'mutu ndi m'zakudya za anthu, iwo n'kumadyabe. Makanda ankalira m'mapulema, galu wina anadula chingwe n'kuthawira kungalande, ndipo munthu wina woledzera ankasanza atatsamira mpanda, nkhope yake ikusintha mitundu, kufiira, kubiriwira, kufiiranso. Khamu linkangoti aaa, ooo, pakamwa pali yasa ngati ana a mbalame. Ine ndinaimirira jekete lili m'khwapa. Mwana wanga anaima kuseri kwa mayi ake, nkhope ataibisa mu chikhoti chawo, ndipo sanaone kombola ngakhale limodzi.

M'galimoto pobwerera alamu anayesa kuseketsa.

"Komabe alamu mwapulumutsa munthu lero. Theka lake."

"Achimwene, tayendetsani galimoto," anatero akazi anga.

Titalowa m'nyumba ndinafuna kulikoleka jekete pamalo pake kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Akazi anga anaima pakhomo.

"Limenelo m'chipinda muno ayi."

"Chifukwa chiyani? Ndi jekete langa."

"Lavalidwa ndi chinthu chokaphedwa. Anthu alikuwiza, alilozera moto. Mukufuna ndizigona ndikuliyang'ana?"

"Ndiye ndilitaye?"

"Mukalitaya m'bini akaliotcha komweko. Mwavutikiranji nanga?"

Pa mfundo imeneyi sindinathe kuwatsutsa. Jeketelo ndinaliika m'pepala lapulasitiki n'kukalipachika m'kashedi ka kuseri kwa nyumba, pamodzi ndi makina otchetchera udzu a eni nyumba. Lili komweko. Kolala yake inachekeka ndi kampeni, ndipo nkhungu yayamba kulidya m'mapewa. Silingavalidwe, silingaperekedwe kwa munthu, ndipo silingatayidwe.

Maganizo anga pa mwambowu sanasinthe. Ndimauona kuti ndi wonyansa, ndipo sindinapiteko kachiwiri. Anthu amene amaphunzitsa dziko lonse za chifundo pa agalu ndi amphaka amasonkhanitsa ana awo chaka ndi chaka kuti aphunzire kusekerera munthu akupsa. Kukanakhala kuti ndabwereranso pa bwalo lija, ndikukhulupirira kuti ndikanadutsanso pansi pa chingwe.

Koma ndiyenera kulembanso zotsatira zake, pakuti lipoti losiya mbali silithandiza. Mwana anakana kubwerera ku kagulu ka Loweruka, ndipo sitinamukakamize. Kanema wa zimene ndinachita anayenda m'mafoni a makolo, n'kufika kwa ana a kusukulu kwake. Masiku amene ndili pa shifiti ya masana ndinkamuperekeza kusukulu m'mawa mpaka pa geti, nditamunyamulira chikwama. Lolemba lotsatira, titafika pa mlatho wa pangalande, pamene pamayambira msewu wa kusukulu, anaima n'kutambasula dzanja kuti ndimupatse chikwamacho.

"Sitinafike," ndinatero.

Anayankha m'Chingerezi, mwaulemu ndithu, maso ali pa nsapato zake, kuti kuyambira pano akhoza kuyenda yekha, ndipo akupempha kuti ndizibwerera pamenepa.

"Wachita manyazi ndi bambo ako?"

 Dzanja lake linali chitambasulire. Ndinamupatsa chikwama.

Kuchokera tsiku limenelo malire anga ndi mlathowo. Ndimaima pamenepo, iye n'kumatsika yekha pakati pa ana ena ovala mayunifolomu ofanana, ndipo ndimadikira mpaka nditaona kuti walowa pa geti. Ndikatero ndimatembenuka kukakwera basi ya kuntchito.